Kodi ma jenerali azikhala kutsogolo pa nkhondo? Kuyankha achemwali a ku Dwangwa

Imelo iyi yachokera kwa achemwali ena a ku Dwangwa, dzina ndasunga. Ndaidula pang'ono koma mawu ndi awo:

"Achimwene, mlongo wanga wamng'ono anamaliza maphunziro a usilikali konko ku Salima, ndiye akangolengeza kuti gulu lina likupita kunja kokasungitsa mtendere mayi athu sagona. Funso langa ndi lakuti, bwanji tikamva kuti asilikali afa amakhala anyamata wamba ndi ma kopolo okhaokha? Akuluakulu a nyenyezi paphewa aja amakhala ali kuti? Mesa amati mutu ukakula sulewa nkhonya? Ine ndimaona ngati iwowo akanamakhala kutsogolo bwenzi nkhondo zambiri kulibe. Inu mumakhala pafupi ndi asilikali, tandiuzeni."

Zikomo achemwali polemba. Zokhala pafupi ndi asilikali ndiye ndi zoona, kuno ku Salima MAFCO, sukulu ya asilikali ija, ili pompano, a Parachute Battalion ali ku Senga Bay, timapanikizana nawo mu minibasi imodzi kuchokera pa Kamuzu Road, timalimbirana nawo chambo pa dooko, ana athu amaphunzira kalasi imodzi. Ndiye ndisazungulire, jenerali wonyamula mfuti n'kumathamanga kutsogolo kwa anyamata ine sindimufuna, ndipo mlongo wanuyo akadzakhala pansi pa munthu wotero mpamene mayi adzayenere kusowa tulo zenizeni. Chimene ndimafuna kwa mkulu wa asilikali n'chakuti azifika kumene anyamata ali, pafupipafupi, aziona ndi maso ake, kenako azibwerera kukagwira ntchito imene palibe wina angamugwirire.

Mkwiyo wanuwu si wa lero. Mu Novembala 1914, nkhondo ya Chiwaya, ija yoyamba ya dziko lonse, itangoyamba ndipo anthu athu atafa kale ku Karonga, John Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula zomwezi, kuti olemera ndi a maudindo amene nkhondoyo ikuwapindulira apite okha akawomberedwe, m'malo motuma amphawi amene akafa amangosiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Ndiye funsoli ndi lolemera, musaone ngati ndikulipeputsa. Koma onani kuti Chilembwe ankaloza eni nkhondo, amene amaiyambitsa. Jenerali wa m'dziko loyenda bwino sayambitsa nkhondo, amatumidwa. Amene amasayina zoti ana athu apite ku DRC kapena abwereko ndi andale, ngati mmene munaonera mu Febuluwale 2025 pamene pulezidenti wa nthawiyo, Chakwera, analamula kuti asilikali athu ayambe kukonzekera kuchoka kum'mawa kwa Congo.

Tiyambe ndi kusiyanitsa akuluakulu amene mukunenawa, chifukwa si onse ovala nyenyezi amene ali kuofesi. Lefutenanti, mnyamata wongotuluka kumene pa kosi ya maofisala, amapatsidwa pulatuni ya anthu pafupifupi 30, ndipo ameneyu palibe zokambirana, malo ake ndi kutsogolo basi, iye ndi sajeni wake, akagona pansi onse agona, akadzuka onse adzuka. Kaputeni kapena meja ali ndi kampani ya anthu 100 ndi ena pamwamba, nayenso zipolopolo zimamulira m'makutu. Lefutenanti kanelo ali ndi bataliyoni, anthu 700 kapena 800, ndipo apa mpamene nkhani imayambira kuvuta, chifukwa anthu 800 sangakwane m'maso mwa munthu mmodzi, kampani ina ili kuseri kwa phiri, ina ikuwoloka mtsinje, ina ikudikira lamulo. Pamwamba pake ndiye ma brigadier ndi ma jenerali, a anthu masauzande. Ndiye mukawerengera, m'bataliyoni yonse lefutenanti kanelo ndi mmodzi yekha, asilikali wamba ndi mazanamazana, n'chifukwa chake mayina a pa maliro amakhala a anyamata nthawi zambiri. Koma mukatenga gawo ndi gawo nkhani imatembenuka. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ku Britain, pa asilikali wamba 100 alionse anafa pafupifupi 12, pomwe pa maofisala 100 anafa pafupifupi 17, ambiri mwa iwo ma lefutenanti achichepere amene ankayamba kutuluka m'ngalande atanyamula kamfuti kam'manja ndi wenzulo. Ngakhale ma jenerali awo, amene anthu amawanyoza kuti ankangomwa tiyi m'nyumba zabwino, anafa oposa 70.

Inu a ku Dwangwa nyanja mukuidziwa, ndiye ganizani za usodzi wa usipa usiku. Siginala amakhala m'bwato lake ndi nyali, ali chete, maso ali m'madzi kuona mmene usipa wasonkhanira, kuona kumene mafunde akukokera, ndipo ndi iye amene amanena kuti tsopano ponyani, tsopano kokani. Alovi ndi amene amatuluka matuza m'manja ndi chingwe cha chilimira. Tsiku limene siginala adzamve chisoni n'kusiya nyali kuti akathandize kukoka, manja adzakhala awonjezekera awiri okha koma maso a gulu lonse adzakhala atatsekeka, ukonde udzatuluka wopanda kanthu. Komanso onani kuti siginalayo ali pa nyanja pomwepo, mwera ukauka umamumenya limodzi ndi anzake. Amene amagona kumtunda n'kumadikira ndalama m'mawa ndi mwini ukonde, ndipo ine ndikuona kuti amene mwakwiya naye inu ndi ameneyo, jenerali wokhala ngati mwini ukonde.

Ntchito ya mkulu pa nthawi imene mfuti zikulira ndi yosaoneka bwino pa chithunzi. Ali pa mapu ndi wailesi, akumva malipoti atatu otsutsana nthawi imodzi, akusankha kuti gulu limene analisunga pambali lipite kumanzere kapena kumanja, akupempha helikopita yodzatenga ovulala, akukangana ndi anzake a dziko lina kuti mizinga yawo iombe pati kuti isagwere anthu ake omwe, akuwerengera kuti zipolopolo ndi madzi zifika nthawi yanji. Munthu amene wagona chafufumimba kuseri kwa chulu, zipolopolo zikudutsa pamutu, dziko lake lonse ndi mamita 50 a kutsogolo kwake, sangaganize za kampani imene ili kuseri kwa phiri ija ngakhale atakhala wanzeru chotani. Ndipo mlongo wanu akavulala, chimene chidzamupulumutse ndi munthu amene anali pa wailesi n'kuitana helikopita msanga.

Pali nkhani imodzi imene ine imandikhalira bwino kuposa zonse. Pa 22 Januwale 1879, pa Isandlwana ku South Africa, Azulu anagonjetsa asilikali a Britain. Wotsogolera Azulu anali Ntshingwayo kaMahole, nkhalamba ya zaka pafupifupi 70, ndipo anayenda wapansi limodzi ndi ankhondo ake ulendo wonsewo, koma nkhondo itayamba sanathamange ndi nthungo, anaima pamwamba pa chitunda pamene ankaona bwalo lonse. Ali pomwepo anaona kuti gulu lapakati laima, anyamata agona pansi chifukwa mfuti za Angerezi zawachulukira, ndiye induna ina yaikulu, Mkhosana, inatsika kuthamangira komweko, n'kumayenda choimirira pakati pa anthu ogona pansiwo ikuwakalipira ndi kuwakumbutsa mawu a mfumu yawo. Anyamata anadzuka, Mkhosana anawomberedwa n'kufera pomwepo, koma mzere wa Angerezi unasweka. Mukaiona bwino nkhaniyi zonse zili momwemo, wina anafunika akhale pamwamba kuti aone pamene pathina, ndipo wamkulu wina anafunika atsike pa mphindi imeneyo yokha, pa malo amenewo okha. Mbali inayo mkulu wa Angerezi, Lord Chelmsford, anali atachoka m'mawa ndi theka la gulu lake kukasaka adani kumene kunalibe gulu lawo lalikulu, mauthenga akumupeza iye osakhulupirira.

Tibwere kwathu. Cobbe Barracks ya ku Zomba ija dzina lake ndi la Alexander Cobbe, mzungu amene ankatsogolera asilikali a King's African Rifles, ena mwa iwo ochokera kuno, pa nkhondo ya ku Somaliland. Pa 6 Okutobala 1902 pa malo otchedwa Erego, makampani ena atabwerera m'mbuyo, iye anatsala yekha kutsogolo ndi chiwaya cha Maxim, n'kuchikoka yekha, kuchiombetsa yekha, kenako n'kupita kukanyamula msilikali wovulala zipolopolo zikuchokera kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Anamupatsa mendulo ya Victoria Cross. Zomveka bwino eti? Koma patangopita miyezi sikisi, mu Epulo 1903 pa Gumburu, konko ku Somaliland, lefutenanti kanelo wina dzina lake Plunkett anatumidwa kuti akangothandiza kagulu kena kubwerera ku msasa, iye mtima utamuuma anapitirira kuthamangitsa adani ali patsogolo yekha, n'kukalowa pakati pa chikhamu. Zipolopolo zinawathera, iye anafa, maofisala onse achizungu amene anali nawo anafa, ndipo asilikali a kuno kwathu oposa 100 anatsala komweko. Za Plunkett palibe angati anali wamantha. Koma kulimba mtima kwa wamkulu sikumupha yekha, kumatenga ndi ana a eni ake, ndipo agogo athu aja palibe baraki imene inatchedwa mayina awo.

Za masiku ano ndiye zilipo zambiri. Fred Rwigyema, amene ankatsogolera gulu loukira boma la RPF polowa mu Rwanda pa 1 Okutobala 1990, anaphedwa tsiku lachiwiri lenileni la nkhondoyo, gulu lake linabalalika moti Paul Kagame anachita kusiya kosi ku America kudzalitolera n'kukabisala nalo ku mapiri a Virunga. Idriss Déby wa ku Chad ndiye amayankha mbali ina ya funso lanu, yoti akuluakulu akanamapita kutsogolo nkhondo zikanachepa. Munthu uyu analamula kuyambira 1990, ankakonda kuvala yunifolomu n'kupita yekha kumene kukumenyedwa, ndipo nkhondo m'dziko lake sizinathe ayi. Mu Epulo 2021 anavulazidwa kutsogolo akumenyana ndi zigawenga za FACT kumpoto, imfa yake inalengezedwa pa 20 Epulo, tsiku limodzi chilengezereni kuti wapambananso chisankho, ndipo pomwepo asilikali anaimitsa malamulo a dziko, kuthetsa nyumba ya malamulo n'kuika mwana wake Mahamat pampando. Alipo anthu amene nkhondo imawakomera akaiona pafupi, ndiye musadalire kuti fungo la onga limafewetsa mtima wa aliyense.

Chitsanzo chimene chili pafupi kwambiri ndi mayi anu ndi cha Januwale 2025. Zigawenga za M23 zikuyandikira mzinda wa Goma kum'mawa kwa Congo, Major General Peter Cirimwami wa ku Congo komweko, amene anali bwanamkubwa wa chisilikali wa North Kivu, anapita kutsogolo cha ku Sake pa 23 Januwale, anawomberedwa n'kumwalira, ndipo sabata isanathe Goma inagwa. Ndi m'masiku omwewo m'mene tinataya asilikali athu a SAMIDRC, gulu limene SADC inatumiza ku Congo. Sindikunena kuti akanakhala moyo mzinda sukanagwa, mavuto a gulu la nkhondo la Congo ndi ambiri, koma tangoganizani msilikali wamba amene wamva pa foni kuti bwana wamkulu waphedwa, miyendo imayamba kuyang'ana kumbuyo yokha.

Ndiye bwanji amapitabe? Chifukwa nthawi zina palibe njira ina, komanso chifukwa anyamata amamenya mosiyana akadziwa kuti bwana ali pompano. Colonel Mamadou Ndala wa ku Congo komweko anatchuka mu 2013 pa nkhondo yothamangitsa M23, nthawi imene asilikali athu anali mu Force Intervention Brigade, gulu lomenya nkhondo la United Nations, limodzi ndi a Tanzania ndi South Africa, chifukwa ankaoneka kutsogolo ndi anyamata ake, moti anthu a ku Goma ankamuimbira nyimbo m'misewu, m'dziko limene msilikali amaopedwa kuposa kukondedwa. Anaphedwa pa 2 Januwale 2014 pafupi ndi Beni, atamubisalira pamsewu. Jenerali wa ku Brazil amene ankatsogolera asilikali a MONUSCO, gulu losungitsa mtendere la United Nations ku Congo, nthawi imeneyo, Carlos Alberto dos Santos Cruz, nayenso ankafika pa mizere ya kutsogolo kunja kwa Goma osangodikira malipoti ku ofesi. Kufika kotereku n'kumene ine ndikuvomereza, chifukwa lipoti likamakwera kuchoka kwa sajeni kupita kwa lefutenanti, kwa meja, kwa kanelo, aliyense amalipaka mafuta pang'ono kuti asaoneke wolephera, likamafika kwa jenerali "tatsala ndi madzi a tsiku limodzi ndipo anyamata atatu ali ndi malungo" lasanduka "zonse zili bwino bwana". Mapu sanena kuti msewu wasanduka phala ndi mvula, sanena kuti nsapato zang'ambika. Izi munthu amaziona yekha, akakhala pansi ndi ma kopolo n'kudya nawo za m'chitini zomwezo.

Koma pali kupita kutsogolo kwina kumene ndi chizindikiro cha matenda. Mu 2022 nkhondo ya ku Ukraine itangoyamba, Russia inataya ma jenerali angapo m'miyezi yochepa, mmodzi wa oyamba anali Andrei Sukhovetsky. Akatswiri ambiri anafotokoza kuti ankapita kutsogolo chifukwa magulu aima, mawailesi sakugwira bwino, ena mpaka kumalankhula pa mafoni wamba amene mdani amatha kuwamvetsera n'kudziwa pamene uli, komanso chifukwa m'gulu lawo anthu a pansi sanazolowere kusankha okha zochita, chilichonse mpaka bwana abwere. Jenerali akamachita kupita yekha kukakankha thiraki kuti iyende, ndiye kuti ma sajeni ndi ma lefutenanti ake sanaphunzitsidwe kapena sakhulupiriridwa. Ndipo masiku ano a ma droni zinthu zafika poipa, munthu amene akuyenda ndi omulondera, ma eriyo ataliatali ndi galimoto zitatu pambuyo amaonekera kutali, bomba likabwera silisankha nyenyezi, limatenga ndi anyamata amene bwanayo anabwera kudzawalimbikitsa. Ulendo wa mkulu kutsogolo uyenera kukhala wachete, wa anthu ochepa, wokhala ndi chifukwa, osati wokajambulitsa zithunzi za pa Facebook.

Nkhani ya Goose Green ku zilumba za Falklands amaikonda aphunzitsi a maofisala chifukwa mpaka lero anthu sagwirizana. Pa 28 Meyi 1982 Lieutenant Colonel H. Jones wa ku Britain ataona kuti kampani yake ina yakanirira pa chitunda, anadzuka yekha kuthamangira ngalande ya asilikali a Argentina n'kuwomberedwa. Anamupatsa Victoria Cross atafa kale. Ena amati anadzutsa mitima ya anyamata, ena amati anasiya ntchito ya kanelo n'kukagwira ya kopolo. Ine chimene ndimatolapo n'chakuti wachiwiri wake, Major Chris Keeble, anatenga utsogoleri nthawi yomweyo, bataliyoni sinabalalike, ndipo m'mawa mwake adani pafupifupi 1,000 anaika mfuti pansi. Kusiyana kwake ndi za Rwigyema n'komweko, kuti panali munthu wokonzeka kale kulowa m'malo, aliyense akumudziwa. Mkulu amene akufuna kumapita kutsogolo ayambe wakonza zimenezo.

Pali chinanso achemwali chimene tisaiwale. Mu Novembala 2018 pafupi ndi Beni, pomenyana ndi zigawenga za ADF, tinataya asilikali 6 a Malawi ndi mmodzi wa Tanzania. Mmodzi mwa athuwo, Private Chancy Chitete, anaona kopolo wa ku Tanzania atavulala pamtetete, anapita kukamukokera pobisika n'kuyamba kumumanga mabala, ndipo ali mkati mothandiza mnzakeyo anawomberedwa. Wa ku Tanzania uja anachira. Mu 2019 bungwe la United Nations linapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu waukulu kwambiri wa asilikali osungitsa mtendere. Panalibe jenerali pambali pake womuuza kuti dzuka. Chimene chinamudzutsa ndi mtima wake ndi zimene anaphunzitsidwa, ndipo mbali ya akuluakulu pa nkhani ngati imeneyi imakhala itagwiridwa kale miyezi yambiri m'mbuyo, pa maphunziro, posankha ma sajeni, poonetsetsa kuti m'thumba la msilikali aliyense muli bandeji ndipo amadziwa kuimanga mumdima.

Ndiye mlongo wanu akabwera pa holide musamufunse ngati jenerali amaomba nawo mfuti, adzangoseka. Mufunseni ngati lefutenanti wake amadziwa dzina lake ndi la kwawo, ngati sajeni amayendera alonda usiku kapena amangogona, ngati pogawa chakudya maofisala amadya anyamata atatha kulandira, ngati komanda wa bataliyoni anafikapo pa malo awo a kutchire kunja kukugwa mvula n'kufunsa mafunso kwa anyamata eni ake ma meja atawaimika patali, ngati ndalama zawo za kunja zimafika zonse ndi pa nthawi yake. Zina sadzayankha, asilikali ali ndi malamulo awo pa zolankhula ndipo musamukakamize, makamaka za kumene ali ndi tsiku lonyamuka, zimenezo ngakhale pa gulu la WhatsApp la pabanja zisamalembedwe. Mayi muwauze kuti gulu lisanapite kunja limakhala kaye miyezi pa maphunziro apadera okonzekera ulendowo, ndipo ngati n'kotheka apeze nambala ya mkazi kapena mayi wa mnzake wa m'pulatuni imodzi, chifukwa netiweki ikavuta kumeneko uthenga umafika kudzera kwa amene mwana wake wapeza mwayi woimba.